Mkangano wa Comic Sans: Zilembo Zansangala pa Nkhani Zolemera

Mawu aliwonse osindikizidwa, kaya ali m'buku, pa chikwangwani kapena pa sikirini ya foni, amafika kwa wowerenga ali ndi maonekedwe ena ake, ndipo maonekedwewo amachokera ku chimene anthu a ntchito yosindikiza amachitcha fonti, kutanthauza gulu lathunthu la zilembo, manambala ndi zizindikiro za m'kalembedwe zimene zinajambulidwa kuti zizigwirizana msinkhu, kunenepa ndi kapindikidwe. Mafonti alipo masauzande ambiri, koma akhoza kugawidwa m'mabanja ochepa. Ena ali ndi timichira kumapeto kwa mizere ya zilembo, monga Times New Roman imene inakonzedwera nyuzipepala ya The Times ya ku London mu 1932. Ena alibe timichirato, monga Arial. Ndipo ena amatsanzira dzanja la munthu wolemba ndi cholembera, burashi kapena choko. M'banja lachitatuli mulibe fonti imene yakanganitsa anthu koposa Comic Sans, imene akatswiri okonza maonekedwe a zolemba akhala akuinyoza kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pomwe aphunzitsi, alembi a mipingo ndi eni timabizinesi akupitiriza kuisankha osafunsa munthu. Mkanganowu ukukhudza funso loti zilembo zooneka zosewera zili ndi malo otani pakati pa zolemba za anthu akuluakulu, komanso loti ndani ali ndi mphamvu yogamula za malowo.

Munthu akaiyang'anitsitsa Comic Sans amaona kuti zilembo zake sizilumikizana monga zimachitira m'kalembedwe kothamanga ka akuluakulu, koma chilichonse chimaima pachokha ngati zolemba za mwana amene wadziwa kugwira pensulo koma sanayambe kufulumira. Mizere yake ndi yonenepa mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, nsonga zake n'zobulungira ngati zolembedwa ndi cholembera chokhuthala kunsonga, ndipo mizere imene m'mafonti ena imawongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga, muno imapendekera pang'ono, wina uku wina uko. Chilembo cha a chilibe kadenga kamene kamaoneka m'mabuku ambiri, ndipo g ali ndi mchira umodzi wokhota m'malo mwa timabwalo tiwiri tosanjikizana. Dzina lake lili ndi mbali ziwiri: Comic akuloza ku mabuku a nthano za zithunzi, momwe zoyankhula za anthu zimalembedwa pamanja m'timabwalo totuluka pakamwa pawo, pomwe Sans ndi liwu la Chifalansa lotanthauza "popanda", ndipo likunena za kusowa kwa timichira tija.

Mbiri ya fontiyi ndi yofunika chifukwa mbali zonse ziwiri za mtsutsowu zimaiitana ngati mboni yawo. Amene anaijambula ndi Vincent Connare, mu 1994, pomwe ankagwira ntchito ku kampani ya Microsoft ku America. Nthawi imeneyo kampaniyo inkakonza pulogalamu yotchedwa Microsoft Bob yoti izithandiza anthu osazolowera kompyuta, ndipo m'pulogalamuyo munali kagalu ka katuni kotchedwa Rover kamene kankalangiza wogwiritsa ntchito kudzera m'mawu olembedwa m'kabwalo. Mawuwo anali mu Times New Roman, ndipo Connare anaona kuti n'zosayenera kuti galu wa katuni aziyankhula ndi zilembo za nyuzipepala. Anatenga mabuku awiri a nthano za zithunzi amene anali nawo mu ofesi, The Dark Knight Returns ndi Watchmen, n'kuonerako kalembedwe. Ndipo poti m'mabuku oterowo mawu amalembedwa kawirikawiri m'zilembo zazikulu zokhazokha, zilembo zazing'ono, zimene anthu amazinyoza kwambiri lero, anayenera kuziganizira yekha. Fontiyo inachedwa moti sinalowe mu Microsoft Bob, koma inagwiritsidwa ntchito mu 3D Movie Maker, pulogalamu ya ana yopangira mafilimu a katuni, kenako inaikidwa m'phukusi lowonjezera la Windows 95, ndipo mu 1996 inakhala m'gulu la mafonti ochepa amene Microsoft inkagawa ulere kuti azigwiritsidwa ntchito pa intaneti. Chinthu chimene chinakonzedwera mawu ochepa a galu pa sikirini chinapezeka motero m'makompyuta mamiliyoni ambiri, chokonzeka kulemba chilichonse chimene mwini kompyuta wafuna.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi ya kuyenerana, ndipo ndi yosavuta kuimvetsa kwa aliyense amene amadziwa kuti zovala za ku bwalo la mpira sizivalidwa pa maliro. Iwo amati fonti ili ngati liwu la munthu woyankhula, moti uthenga womwewo umamveka mosiyana ukanenedwa motsitsa mawu ndi ukanenedwa moseka, ndipo wowerenga amamva liwulo asanawerenge n'komwe mawu oyamba. Amene anatchukitsa maganizowa ndi Holly ndi David Combs, banja la akatswiri awiri a ku Indianapolis, amene anayambitsa gulu lofuna kuti Comic Sans iletsedwe pambuyo poti Holly, mu 1999, analamulidwa ndi abwana ake kuti aigwiritse ntchito pa zolemba za chionetsero cha m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Gululo linayamba mwanthabwala ndithu, koma zitsanzo zolilimbikitsa sizinasowe. Mu Julayi 2010 Dan Gilbert, mwini timu ya basketball ya Cleveland Cavaliers, analemba kalata yaukali yodzudzula wosewera wake LeBron James chifukwa chosamukira ku timu ya Miami Heat, ndipo poti kalatayo inali mu Comic Sans, anthu ambiri anaseka zilembo m'malo momva mkwiyo wa mwini timu. Mu 2013 Vatican inatulutsa pa intaneti chimbale cha zithunzi chokumbukira upapa wa Benedict XVI chokhala ndi mawu ofotokozera mu fonti yomweyi, ndipo mu 2019 loya John Dowd anaigwiritsa ntchito polembera komiti ya nyumba ya malamulo ya ku America. Pa zochitika zonsezi otsutsa amaonapo chinthu chimodzi: uthenga wolemera unapeputsidwa ndi mwini wake yemwe, popanda mdani woupeputsa.

Pali umboni wina umene otsutsa amautchula pofuna kuonetsa kuti nkhaniyi si ya kukonda kapena kusakonda chabe. Mu 2012 wopanga mafilimu Errol Morris anachita kafukufuku kudzera pa tsamba la intaneti la nyuzipepala ya The New York Times, momwe owerenga pafupifupi 45,000 anapatsidwa ndime imodzimodzi n'kufunsidwa ngati akuvomereza zimene inkanena, osadziwa kuti ndimeyo inkafika kwa anthu osiyanasiyana m'mafonti 6 osiyana. Amene anaiwerenga mu Baskerville, fonti yochokera ku ntchito ya John Baskerville wa ku Birmingham wa m'zaka za m'ma 1750, anaivomereza koposa ena, pomwe Comic Sans inali kumunsi kwa mndandanda. Kusiyanako kunali kochepa, ndipo owerenga nyuzipepala imeneyo ndi anthu amene ambiri mwa iwo anali atamva kale kuti Comic Sans ndi yonyozeka, motero n'kovuta kulekanitsa mphamvu ya zilembo zenizenizo ndi mphamvu ya mbiri yawo yoipa. Komabe kwa munthu wolemba kalata yopempha ntchito kusiyanitsa kumeneku kulibe phindu, pakuti kaya vuto lili m'zilembo kaya lili m'mutu mwa wolandira kalata, amene amalipira ndi wolembayo.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi ya umisiri, ndipo imafuna kufotokoza pang'ono. Ndime yosindikizidwa bwino imaoneka ngati nsalu yolukidwa mofanana, yopanda malo othithikana ndi malo oonekera, chifukwa wojambula fonti amachepetsa kunenepa kwa mzere pamene mizere iwiri ikukumana, monga pamene phewa la n kapena h likulowa m'tsinde lake, ndiponso amayeza mpata wa pakati pa zilembo ziwiri zilizonse kuti diso liziyenda mosapunthwa. Mu Comic Sans mizere imakumana ili yonenepa chomwecho, motero pamakhala timadontho takuda m'kati mwa mawu, ndipo mipata ya pakati pa zilembo zina ndi yotakata pomwe ya zina ndi yothina. Pa chiganizo chimodzi palibe amene angazindikire zimenezi, koma pa tsamba lathunthu diso limatopa, makamaka m'chiyankhulo cha mawu aatali ngati Chichewa, momwe liwu limodzi lokha monga "sitidzakukhululukiraninso" limafuna kuti zilembo zoposa 20 zigwirane bwino kuti lisaoneke ngati mawu atatu. Oikira kumbuyo fontiyi amayankha kuti zolakwikazi sizinkaoneka pa masikirini a mu 1995, pamene chilembo chilichonse chinkapangidwa ndi timabokosi tochepa ta kuwala totchedwa mapikiselo, ndipo pa masikirini amenewo Comic Sans inkawerengeka bwino ngakhale ili yaing'ono. Yankho limeneli ndi loona, koma likuyeretsa Connare osati fontiyo, popeza masikirini amenewo anatha ndipo pepala silinakhalepo ndi mapikiselo.

Mfundo yozama koposa, imene imakhudza mafonti onse otsanzira dzanja osati Comic Sans yokha, ndi yoti zilembo zoterezi zimalonjeza chimene sizingapereke. Zolemba pamanja zimakhudza mtima chifukwa zimasonyeza kuti munthu wina anakhala pansi n'kutaya nthawi yake pa wowerengayo, ndipo umboni wake ndi kusafanana kwa zilembo: munthu akalemba liwu loti "adakalamba", ma a asanu onsewo amatuluka osiyana, wina wotsamira, wina wotseguka, wotsiriza wothamangitsidwa. Fonti ikalemba liwu lomwelo, ma a onse amapendekera mbali imodzi ndi muyeso umodzi, ndipo kupotoka kumene kunayenera kuoneka kwangozi kumabwerezedwa ngati chidindo. Otsutsa amati diso limazindikira chinyengochi ngakhale mwini diso sakudziwa, ndipo n'chifukwa chake kalata ya kampani yaikulu yolembedwa m'zilembo zonga za pamanja imanyansa m'malo mokopa. Luso la OpenType, limene ndi njira yosungira mafonti yokonzedwa ndi Microsoft ndi Adobe, limalola kuti fonti imodzi ikhale ndi maonekedwe angapo a chilembo chimodzi n'kumawasinthasintha, ndipo mafonti ena atsopano amachita zimenezi. Koma kwa otsutsa enieni uku n'kukonza bodza kuti lisagwidwe msanga.

Apa ndi pamene oikira kumbuyo amayamba kuyankha mwamphamvu, ndipo amayambira pa mbiri ya ntchito yosindikiza. Zilembo zimene Johannes Gutenberg anasindikizira Baibulo ku Mainz cha m'ma 1455 zinatsanzira dzanja la alembi a mabuku a nthawi yake, ndipo zilembo zopendekera zimene lero zimagwiritsidwa ntchito potsindika mawu zinasemedwa koyamba ndi Francesco Griffo pogwirira ntchito Aldus Manutius ku Venice, n'kutuluka m'mabuku mu 1501, motsanzira kalembedwe ka pamanja ka anthu ophunzira a ku Italy. M'zaka za m'ma 1900 munatuluka Brush Script ya Robert E. Smith mu 1942 ndi Mistral ya Roger Excoffon mu 1953, imene mwini wakeyo anaitenga pa dzanja lake lenileni, ndipo palibe amene anayambitsa gulu loziletsa. Ngati kutsanzira dzanja ndi bodza, iwo amatero, ndiye kuti mabuku onse anayamba ndi bodza, ndipo ulemu umene Times New Roman ili nawo lero ndi wa chizolowezi chabe, wobwera chifukwa choti mibadwo ingapo yakhala ikuwerenga nkhani zolemera m'zilembo zoterozo. Mfundoyi ili ndi mphamvu, ngakhale kuti ikulumpha kusiyana kumodzi: Gutenberg ndi Griffo ankatsanzira dzanja lolemekezeka koposa la nthawi yawo, pomwe Comic Sans ikutsanzira dzanja limene anthu amaligwirizanitsa ndi ana ndi nthabwala, ndipo chizolowezi, ngakhale chikhale chopangidwa ndi anthu, sichisiya kugwira ntchito chifukwa choti wina wachizindikira.

Mfundo yolimba koposa ya oikira kumbuyo ili pa funso la chimene munthu wamba anali nacho m'manja. Makompyuta asanafike m'maofesi ndi m'makomo, kusankha fonti inali ntchito ya osindikiza okha, ndipo munthu wamba ankangolemba pamanja kapena pa taipilaita imene inali ndi mtundu umodzi wa zilembo. M'zaka za m'ma 1990 mlembi wa pa sukulu, namwino wa kuchipinda cha ana ndi mayi wokonza phwando la mwana wake anapatsidwa koyamba mndandanda woti asankhepo, ndipo pa mndandandawo panali Times New Roman yonga ya m'nyuzipepala, Arial yonga ya pa fomu ya boma, Courier New yonga ya taipilaita, ndi Comic Sans, imene yokha inkaoneka ngati ikumwetulira. Munthu amene ankafuna kuuza anzake kuti azitsuka makapu akamaliza kumwa tiyi, koma osafuna kumveka ngati bwana wolamula, anasankha chida chokhacho chimene chinkafewetsa mawu ake. Munthuyo anali atamvetsa bwino lomwe mfundo ya akatswiri yoti zilembo zili ndi liwu, ndipo anaigwiritsa ntchito molondola pa zida zochepa zimene anali nazo. Kuchuluka kwa Comic Sans m'makoma a zipatala ndi masukulu ndi umboni wa njala ya liwu laubwenzi m'zolemba, ndipo kunyoza kwa akatswiri, kumene nthawi zambiri kumalunjika kwa wosankhayo koposa zilembozo, kuli ndi kafungo ka anthu amene ntchito yawo yalowereredwa ndi osaphunzira ntchitoyo.

Chochitika chimene mbali zonse ziwiri zimachikokera kwawo ndi cha pa 4 Julayi 2012, pamene bungwe la CERN, lofufuza za tizigawo ting'onoting'ono topanga zinthu zonse, limene lili pafupi ndi Geneva, linalengeza kuti lapeza kachigawo kogwirizana ndi kamene kamatchedwa Higgs boson. Fabiola Gianotti, amene ankatsogolera gulu la ofufuza la ATLAS, anaonetsa zotsatira zake mu Comic Sans, ndipo pa intaneti panabuka chiphokoso cha anthu odandaula za zilembo. Oikira kumbuyo amati zotsatirazo sizinachepe mphamvu ngakhale pang'ono: chaka chotsatira Peter Higgs ndi François Englert analandira mphotho ya Nobel, ndipo Gianotti anakhala mkulu wa CERN mu 2016, mayi woyamba pa udindowo. Otsutsa amati phokoso lomwelo ndi umboni wawo, popeza pa tsiku lalikulu chotero anthu ena ankakamba za fonti m'malo mwa sayansi. Chimene chochitikachi chikuonetsa bwino koposa, komabe, ndi chakuti mtengo wa kusankha fontiyi sufanana kwa anthu onse. Wasayansi amene wanyamula umboni wa ofufuza masauzande akhoza kulemba m'zilembo zilizonse ndipo dziko limvetsera, pomwe wachinyamata wopempha ntchito alibe china chomuyankhulira kupatula pepala lake.

Pa nkhani ya ana ongoyamba kuwerenga oikira kumbuyo ali ndi mfundo yooneka ndi maso. Mphunzitsi akamalemba pa bolodi amalemba a wopanda kadenga ndi g wa mchira umodzi, ndipo mwana akatsegula buku losindikizidwa mu Times New Roman amakumana ndi zilembo ziwiri zimene sizifanana ndi zimene akuphunzira kulemba. Comic Sans ili ndi maonekedwe a pa bolodi aja, ndipo I wake wamkulu ali ndi timizere pamwamba ndi pansi, motero sasokonezeka ndi l wamng'ono monga zimachitikira mu Arial. N'zoseketsa ndithu kuti fonti yotchedwa "yopanda timichira" imapambana pamenepa chifukwa cha timichira. Otsutsa savutika kuyankha, pakuti alipo mafonti amene anakonzedwera ntchito imeneyi mwadala: Rosemary Sassoon wa ku Britain anajambula mafonti otchedwa dzina lake m'zaka za m'ma 1980 atafufuza zilembo zimene ana amaziwerenga mosavuta, ndipo bungwe la SIL limagawa ulere fonti ya Andika, dzina lochokera ku Chiswahili, yokonzedwera ophunzira kuwerenga m'ziyankhulo zambiri kuphatikizapo za mu Africa. Yankho la mphunzitsi ndi lalifupi, loti Comic Sans ili kale m'kompyuta ya pa sukulu pomwe enawo ayenera kufunidwa, kutsitsidwa pa intaneti, ndipo ena kugulidwa.

Nkhani ya dyslexia, vuto limene limachititsa munthu wanzeru zake bwinobwino kuvutika kugwirizanitsa zilembo ndi maliwu, ndi pamene oikira kumbuyo amakonda kupitirira muyeso. N'zoona kuti bungwe la British Dyslexia Association limatchula Comic Sans, pamodzi ndi Arial, pakati pa mafonti oyenera, ndiponso kuti anthu ena a vutoli amanena kuti imawathandiza chifukwa zilembo zake n'zotalikirana ndipo b ndi d sizioneka ngati chilembo chimodzi chotembenuzidwa. Umboni wa anthu oterewa suyenera kupeputsidwa. Koma kafukufuku wa Marco Zorzi ndi anzake, wofalitsidwa mu 2012 atayesa ana a ku Italy ndi ku France, anaonetsa kuti kungokulitsa mpata wa pakati pa zilembo kumathandiza ana a vutoli kuwerenga, ndipo mpata ukhoza kukulitsidwa mu fonti iliyonse. Chodabwitsa n'chakuti fonti yomweyi inagwiritsidwanso ntchito pa mfundo yotsutsana ndi imeneyi: mu 2011 Connor Diemand-Yauman, Daniel Oppenheimer ndi mnzawo wina anafalitsa kafukufuku wochitikira ku yunivesite ya Princeton, momwe Comic Sans yotuwitsidwa inali m'gulu la mafonti ovuta kuwerenga, ndipo anapeza kuti ophunzira ankakumbukira bwino zimene anawerenga movutikira. Ambiri mwa ofufuza amene anayesa kubwereza kafukufukuyo sanapeze zotsatira zomwezo. Fonti imene ikutamandidwa uku chifukwa chosavuta kuwerenga ndi uko chifukwa chovuta kuwerenga ikuonetsa kuti anthu amayamba aikonda kapena kuida, zifukwa n'kumabwera pambuyo.

Kumadera kumene kumayankhulidwa Chichewa mkanganowu uli ndi mbali ina imene olemba a ku America ndi ku Ulaya saiganizira. M'misika ndi m'matauni a ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia dzanja lenileni likadalipo pa makoma, pakuti mayina a magolosale, malo ometera ndi malo odyera amalembedwabe ndi amisiri a burashi ndi penti, ndipo zolemba pamanja si chinthu chosowa chimene munthu angachilakelake. Kumalo kotereku munthu akapita kokasindikiza chikalata amakhala akufuna chimene dzanja silingapereke, ndicho maonekedwe a chinthu chovomerezeka, motero fonti yotsanzira dzanja ikhoza kumutayitsa zonse ziwiri, ulemu wa chosindikizidwa ndi kukoma kwa cholembedwa ndi munthu. Chikwangwani cha sukulu ya mkaka kapena khadi loitanira anthu ku phwando la mwana zimailandira bwino, koma pologalamu ya mwambo wa maliro, imene abale amaisunga kwa zaka, siilandira. Palinso nkhani ya zizindikiro: mafonti ambiri okometsera ogawidwa ulere pa intaneti alibe chilembo cha ŵ, chimene chimapezeka m'zolemba zina za Chichewa ndi Chitumbuka, ndipo chikasowa kompyuta imabwereka cha fonti ina kapena kuika kabokosi, komanso m'mafonti olumikiza zilembo ndi mizere yopotanapotana, kachizindikiro ka mu ng' kakhoza kubisika, ng'oma yoimba n'kusanduka ngoma ya m'tchire. Pa vuto lachiwirili Comic Sans imapambana abale ake okongola, chifukwa zilembo zake zotalikirana zimasiyira kachizindikiroko malo.

Zonsezi zikaikidwa pa sikelo, otsutsa akupambana pa ndime zazitali, pa makalata a ntchito ndi a milandu, ndi pa zolemba za chisoni, ndipo akupambana pa zifukwa zimene zikhoza kuonetsedwa pa pepala. Kumene akulephera ndi pa liwu loti "kuletsa" ndi pa chipongwe chimene chinatsagana nalo, pakuti fonti imene imagwira bwino ntchito pa uthenga waufupi wopita kwa ana, kwa odwala kapena kwa anzako a mu ofesi ilibe mlandu woti ichotsedwere m'kompyuta. Makampani nawonso anazindikira kuti njala ija ya liwu laubwenzi ndi yeniyeni: Apple inatulutsa Chalkboard mu 2003, Monotype inatulutsa Comic Sans Pro mu 2011, ndipo mu 2014 Craig Rozynski wa ku Australia anagawa ulere Comic Neue, imene inawongola mizere ndi kulinganiza mipata. Akatswiri ena anailandira Comic Neue ngati Comic Sans yosambitsidwa, ngakhale kuti munthu akhoza kufunsa ngati kupotoka kumene kunachotsedwako sikunali komwe kunkakopa mphunzitsi uja poyamba.

Zaka za chipongwe zasintha tanthauzo la fontiyi m'njira imene mbali zonse ziwiri sizinaiyembekezere. Mu 2013 chithunzi cha galu wa mtundu wa Shiba Inu chozunguliridwa ndi mawu a Chingerezi chothyokathyoka olembedwa mu Comic Sans ya mitundumitundu chinafala pa intaneti ndi dzina loti Doge, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho chinabala ndalama ya pa intaneti yotchedwa Dogecoin. Pa 1 Epulo 2014, tsiku lopusitsana, CERN inalengeza mwanthabwala kuti zolemba zake zonse zizikhala mu Comic Sans. Fonti imene inakonzedwera galu wa katuni inabwerera kwa galu, koma tsopano yosankhidwa mwadala ndi anthu odziwa kuti ndi yonyozeka, monga munthu amene wavala malaya chotembenuza kuti anzake aseke. Mu 2019 David Combs mwini wake anasintha dzina la gulu lake la pa Facebook kuti likhale lolimbikitsa anthu kugwiritsa ntchito Comic Sans, ataona kuti nthabwala ija yasanduka njira yozunzira anthu. Kusinthako kunabwera fontiyo itagawika kale pawiri: kwa achinyamata ozolowera intaneti ndi chizindikiro cha kuseka mobisa, pomwe kwa namwino amene akulemba chikumbutso cha tsiku la katemera ikadali zilembo zaubwenzi basi, ndipo chikumbutsocho chikapachikidwa pa khoma la chipatala chimawerengedwa ndi magulu onse awiri.